Mzere wa pa Kachikho

Chisanu cha ku Bembeke sichiodira pakhomo,
chimadzera m'ming'alu ya zenera
n'kukagona pachifuwa cha mwana.
Usiku wachitatu uno Fatsileni akutsokomola
ngati injini ya chigayo yokana kulira,
amake ali ku Nsipe, kumaliro a malume awo.
Ndatsala ine, mlimi wa kachewere,
manja ozolowera thumba ndi khasu,
osati tinthu tating'ono ngati iti.

Masana ndinatsikira pa Boma.
Mayi wa mu famase, magalasi omanga ndi ulusi,
sanathamangire ndalama zanga.
Anayamba ndi mafunso ngati wapolisi wa pamsewu.
Zaka zingati? Zisanu ndi zitatu.
Thupi likutentha? Ayi.
Mwam'mwetsako china? Akagona akupuma bwanji?
Kenako anavula kachikho pamutu pa botolo
n'kukalemba ndi bolopeni yofiira:
"Apa. Osati apa, bambo. Apa.
Supuni ya phala muisiye ku phala,
ya kwanu ndi ya kwathu sizilingana mimba."

Pobwerera, a Chidzanja anandiimitsa pa mpanda
ndi botolo lawo la chaka chatha,
pepala litayobuka, deti itafufutika,
m'kamwa mwake mutauma nkhambakamwa zakuda.
"Awa anandichiritsa ine tsiku limodzi."
Ndinawomba m'manja, ndinathokoza,
koma sindinatambasule dzanja.

Eyiti koloko ndinakhutchumula langa,
ndinathira mpaka pamzere, maso pafupi ndi nyali,
iye anamwa, nanyambita milomo.

Tsopano usiku wagawanika pakati
ndipo chifuwa chadzukanso.
Botolo likundiyang'ana patebulo,
lofiira, lokoma ngati zakumwa za pa Khirisimasi.
Mumtima wina akunong'ona:
onjezera pang'ono, mwana agone,
iwenso ugone, mawa kuli kukumba.
Dzanja lafika kale pachitsekero.

Ndakumbuka nazale ya kabichi ija.
Ndinkafuna ikule msanga, ndipitirire anzanga pa Lizulu,
ndinathira feteleza manja awiri pofunika limodzi.
M'mawa masamba onse anali atapsa,
ndipo panalibe woti ndimuloze chala.

Ndayatsa tochi ya foni,
ndatambasula kapepala ka m'katoni,
zilembo ngati nyerere zopita kudzenje.
Ndawerenga maola pa zala, kawiri.
Nthawi sinakwane.
Ndabweza dzanja.

M'malo mwake ndafunditsa madzi pa mbaula,
ndasungunuliramo uchi wotsala m'kabotolo,
ndapinda jekete langa pansi pa mutu wake,
ndikumusisita kumsana
mpaka chigayo chija chayamba kuchepa ukali.

Kumiyendo kwake, Ndaona wa zaka ziwiri
watsokomola kamodzi m'tulo, watembenuka.
Mayi uja anandichenjeza ndili kale pakhomo:
"Wamng'onoyo musamulawitse ngakhale dontho.
Akayamba iyeyo, njira ndi ya kuchipatala."
Ndaona amakwera mpando, amakwera tebulo,
anamwapo mafuta ophikira tsiku lina.
Ndamanga chitsekero mpaka chalira,
botolo ndalikweza pamwamba pa kabati,
kuseri kwa wailesi yakufa,
kumene ngakhale ine ndimafika monyang'ama.

Pakalendala ya ogulitsa mbewu
ndadula kamzere kachitatu.
Anati sabata ikatha chisanaleke,
kapena thupi likatentha, mpweya ukamavuta,
nthiti zikamalowa m'kati, makhololo akabwera ndi magazi,
ndisabwererenso kwa iye kukagula lachiwiri,
ndibereke mwana, ndikaime pamzere wina,
wa kuchipatala.

Tambala walira kwa a Chidzanja.
Nkhungu yameza mizere ya kachewere,
phiri la Dedza silikuoneka n'komwe.
Fatsileni wagona kukamwa kuli yasa,
kupuma kwake phee, ngati kamtsinje ka m'dimba.

Foni yanjenjemera. Ndi amake,
kumbuyo kwawo amayi akutsiriza nyimbo ya maliro.
"Mwam'patsa wochuluka bwanji?"
Ndati, mpaka pamzere.
Akhala chete, kenako kaphwete kotopa:
"Inuyo? Amene mumathira shuga
masupuni anayi mu tiyi?"